Anthu 3 miliyoni amene sanalowe m'kaundula wa ovota, ndani atiuze komwe ali?

Kalaliki wa ku Limbuli analemba:

Moni nonse abale anga. Ndili ndi funso limene landikhala pamtima kuyambira nthawi yolembetsa ovota ija, ndipo ngakhale chisankho cha pa 16 September 2025 chinadutsa, funsolo silinandichoke.

Mu 2018 ofesi yowerenga anthu ya NSO ku Zomba inachita kalembera n'kupeza kuti m'dziko muno tilipo 17.5 miliyoni, ndipo Mulanje yekha anali ndi anthu opitirira 680,000. Potengera chiwerengero chimenecho, kunanenedwa kuti pofika 2025 anthu a zaka 18 kupita m'mwamba adzakhala oposa 10 miliyoni. Koma kaundula wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC anatsekedwa ali ndi mayina pafupifupi 7.2 miliyoni. Ndiye kuti pakatipa pali anthu 3 miliyoni, mwinanso kuposa, amene ofesi ina ya boma ikuti alipo koma m'buku la ofesi inzake mulibe.

Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno. Wothyola akabwera ndi dengu lake, timalikoleka pa sikelo iye akuona ndi maso ake, ndimatchula makilo mokweza kuti anzake amve, kenako ndimalemba. Akakayikira, timakwezanso dengulo pomwepo. Tsiku la malipiro akapeza kuti ndalama sizikugwirizana ndi makilo amene anamva, amadziwa khomo loti agogode ndipo amadziwa dzina la munthu woti amufunse. N'chifukwa chake nkhani ya manambala a boma imandiwawa, chifukwa sindidziwa khomo loti ndigogode.

Zifukwa zongoganiza tonse tili nazo. Kuno ku Muloza ambiri amawoloka kupita ku Milange kukalima kapena kukagwira ganyu, ena amakhala komweko miyezi. Ena ziphaso zawo za unzika zinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu March 2023. Koma zimenezi ndi nkhani za pamsika. Chimene ndikufuna ndi pepala la boma lonena kuti kwa T/A Njema timayembekezera anthu akutiakuti, analembetsa akutiakuti, kwa Mabuka chimodzimodzi, kwa Chikumbu chimodzimodzi. Pepala lotere lilipo? Nanga ngati manambala awiriwa sakugwirizana, amene ayenera kuimirira n'kutifotokozera ndani, a NSO, a MEC kapena a NRB opereka ziphaso za unzika? Amene mukudziwa ndithandizeni.

Mphunzitsi Wopuma, Chonde:

Mwanawe, funso lako ndi labwino, ndipo ndikuyankhe mbali imene ndinaigwira ndi manja anga. Ine ndinali m'modzi wa owerenga anthu mu September 2018. Aliyense anapatsidwa kadera kake kokhala ndi malire ojambulidwa pa mapu, ndipo tinkalemba pa tabuleti, osati pa mapepala ngati mu 2008. Nyumba iliyonse tinkaiika nambala ndi choko pachitseko kuti tisaidumphe kapena kuibwereza. Ntchito imeneyi inachitika mwadongosolo, ndipo ine 17.5 miliyoni ija ndimaikhulupirira.

Koma uzindikire kuti 10 miliyoni ukunenayo palibe anayenda khomo ndi khomo kukaiwerenga. Ndi masamu. Amatenga ana amene anali ndi zaka 11 mu 2018, amati pofika 2025 akwanitsa 18, amachotsapo amene akuyembekezeka kumwalira, n'kupeza nambala. Pa dziko lonse masamuwa amayenda bwino ndithu. Ukatsikira pa mudzi ndi pamene amayamba kupereŵera, chifukwa sadziwa kuti anyamata a m'mudzi mwanga angati anakwera basi ya ku Joni, angati ali ku Limbe akugulitsa malonda, ndi mabanja angati anasamuka m'mphepete mwa Ruo ndi Thuchila madzi atawononga. Freddy yekha anasowetsa pokhala anthu oposa theka la miliyoni m'chigawo chino chakummwera. Onsewa pa masamu aja akadali pamene tinawasiya mu 2018.

Ndikuuzenso zimene ndinaziona m'makomboni a m'maesiteti. Umafika m'mawa, zitseko zonse zotseka, anthu analawirira kumunda. Umabwerera madzulo, umapeza bambo ali yekha, akukuuza kuti banja lili kumudzi ku Phalombe. Iyeyo umamulemba pomwe wamupezapo, koma nthawi yolembetsa kuvota ikafika amakalembetsa kwawo, kapena salembetsa n'komwe chifukwa kapitawo sanamupatse mpata. Munthu mmodzi yemweyo, mabuku awiri a boma amamuika malo osiyana.

Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa manambala omwewa ndi amene anagwiritsidwa ntchito podula malire a madera a aphungu, pamene anachoka pa 193 kufika pa 229, makhansala kuchoka pa 462 kufika pa 509. Madera 193 aja tinakhala nawo kuyambira chisankho cha 1999. Kwa zaka zoposa 20 phungu wina ankaimira anthu ochepa, mnzake khamu lalikulu, koma ndalama za chitukuko cha dera ankalandira zofanana.

Nachisale wa ku Bvumbwe:

Achimwene a ku Limbuli, ine za kalembera sindilowererapo, aphunzitsi afotokoza kale. Ndinena za tsiku lovota, chifukwa ndinakhalapo monita mu 2019 ndi mu 2020, ndipo ndikuuzeni kuti khomo logogoda lilipo, kungoti limatsegulidwa ndi pepala.

Pa senta, mavoti amawerengedwa pomwepo kukada, pa tebulo, nyali ili pakati. Voti iliyonse amaikweza m'mwamba kuti tonse tione pomwe pachongedwa. Pomaliza woyang'anira amalemba zotsatira, mamonita a zipani zonse timasaina, aliyense amatenga kope lake, lina limamatidwa pakhoma. Ine langa ndinalipinda n'kuliika m'thumba la pulasitiki la shuga kuopa mvula ndi thukuta, ndipo ndinalijambulanso pa foni ndisanachoke pa sukulupo. Panthawiyo ndinkangoona ngati ndi kapepala wamba.

Mukukumbukira zimene zinachitika pa chisankho cha 2019. MEC inalandira madando 147, komabe inalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi 38.57 peresenti, a Lazarus Chakwera 35.41. A Chakwera ndi malemu a Saulos Chilima anapita kukhoti. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anakhala tsiku lonse akuwerenga chigamulo, ife tili pa wailesi osaphika n'komwe, ndipo anathetsa chisankho cha pulezidenti. Anapeza mapepala ofufutidwa ndi tipeksi, ena ogwiritsa ntchito makope m'malo mwa enieni, ena opanda siginecha ya woyang'anira senta. Khoti la Supreme linavomereza mu May, a Jane Ansah anatula pansi udindo, tinavotanso pa 23 June 2020, ndipo kuyambira pamenepo wopambana amafunika mavoti opitirira theka.

Chimene chinathandiza pamlandu uja si kukuwa kwa anthu pamsewu kokha ayi. Ndi mapepala a pa senta, chifukwa panali poyerekezera. Ndiye ine ndimati vuto la funso lanu ndi lomwelo: pa mavoti tili ndi pepala losainidwa pa sukulu iliyonse, koma pa kulembetsa ambirife timangomva nambala yaikulu ya dziko lonse pa wailesi. Ikafika nthawi yoti anthu akaone mayina awo m'kaundula, pa senta pamakhala zii, anthu ali kumunda kapena ku msika wa tomato. Mwayi umenewo timautaya tokha.

Mnyamata wa ku Thekerani:

Akuluakulu, mundikhululukire, koma ine ndikuona kuti mukufuna anthu amene sanasoŵe. Ali pompano. Anzanga ambiri ziphaso ali nazo m'thumba, senta ili pafupi, koma sanapite. Amati tinavota mu 2019, tinavotanso mu 2020, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, feteleza sitikumukwanitsa, msewu wathu ukagwa mvula galimoto sizifika. Kulembetsa kuvota si kokakamiza m'Malawi muno. Ndiye MEC iyankhe bwanji za munthu amene wasankha yekha kukhala kunyumba?

Nachisale wa ku Bvumbwe:

Mchimwene wanga, zimene ukunenazo ndi zoona ndithu, otopa alipo ambiri. Koma ndi angati? Ndi pamenepo pagona nkhani. Wotopa ndi wina, amene anafika pa senta n'kubwezedwa chifukwa alibe chiphaso cha unzika ndi winanso. Paja nkhani ya ziphaso inafika mpaka kukhoti mu 2024, ndipo khoti linalamula kuti a NRB azipezeka pamalo olembetsera kuti opanda ziphaso athandizidwe. Zikanakhala kuti onse ndi otopa chabe, mlandu umenewo sukanakhalapo. Tikawaphatikiza onse m'gulu limodzi, agogo a ku Masambanjati amene anafunitsitsa kuvota koma analephera adzakhala opanda wowalankhulira.

Wophunzira za malamulo, Luchenza:

Bambo a ku Limbuli, ndiwonjezereko za khomo lija. Dziko lino lili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, la Access to Information. Nyumba ya Malamulo inalivomereza mu 2016, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Limati ofesi iliyonse ya boma ikhale ndi munthu wolandira mapempho otere, ndipo ayankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana kapena akangokhala chete, mukhoza kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, lomwe linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. MEC, NSO ndi NRB onse ali pansi pake.

Langizo langa ndi loti musalembe kalata yofunsa kuti anthu 3 miliyoni ali kuti, chifukwa adzakuyankhani ndi mawu ambiri opanda nambala. Funsani chinthu chimene chili kale m'kompyuta mwawo. Kwa MEC: chiwerengero cha olembetsa pa senta iliyonse ya m'boma la Mulanje, amuna ndi akazi padera. Kwa NSO: chiwerengero chimene anayembekezera cha a zaka 18 kupita m'mwamba m'bomali mu 2025, kufikira pa T/A ngati anachitsitsa mpaka pamenepo. Kwa NRB: ziphaso zimene zinasindikizidwa za Mulanje ndi zimene eni ake sanakatengebe. Zina mwa izi, monga malipoti a kalembera wa 2018, zili kale pa intaneti, kungoti zili m'Chingerezi ndipo zimadya bandulo. Pamenepa ine ndimawadandaula kwambiri, chifukwa nambala imene mayi wa ku Nkando sangathe kuiwerenga ndi yobisika ndithu kwa iyeyo, ngakhale ofesi itanena kuti inaitulutsa.

Njira ina ndi ya phungu wanu. Wapampando wa MEC amakhala woweruza wosankhidwa kudzera ku Judicial Service Commission, makomishonala ena mayina awo amachokera ku zipani za m'Nyumba ya Malamulo, ndipo makomiti a aphungu ali ndi mphamvu yowaitana kuti adzayankhe mafunso. Mu 2020 komiti ya Public Appointments inawaitanadi mmodzimmodzi. Phungu amene munamuvotera mu September uja akhoza kufunsa funso lanu lomweli m'Nyumbamo.

Kalaliki wa ku Limbuli:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu aphunzitsi, za makomboni zija ndi zenizeni, ndimaziona tsiku ndi tsiku. Makalata atatuwo ndilemba sabata ino, ndipo ndiyamba ndakambirana ndi a komiti ya chitukuko ya kwathu kuti tisaine angapo, isaoneke ngati nkhani ya munthu mmodzi kapena ya chipani. Achimwene a ku Luchenza, kodi kalata yopita ku NSO ndingaipereke pa ofesi ya DC pa boma pano, kapena ndiyenera kuitumiza ku Zomba? Ndipo ndikaipereka, ndipemphe chidindo pa kope langa kuti masiku 15 aja tiziwerengera kuchokera pomwepo?