Za chakudya cha pa ubatizo wa Tadala

Lachiwiri madzulo

Anaphiri (Manchester): Mwaswera bwanji nonse, akumudzi ndi akuno ku UK? Ubatizo wa Tadala watsala masabata atatu. Tikambirane za chakudya lero lomwe kuti tisadzathamangethamange Loweruka lomaliza. Make Tadala, anthu alipo angati?

Make Tadala (Leeds): Taswera bwino achemwali. Akuluakulu 33, ana 12. Holo ya kutchalitchi atipatsa kuyambira 1 koloko mpaka 5. Khitchini ilipo koma uvuni wake ndi waung'ono kwambiri.

Amalume (Area 25): Taswera bwino ana anga. Ine ndikuona kuti pagwe mbuzi. Mwana woyamba m'nyumba salandiridwa ndi ndiwo za masiku onse.

Bambo a Tadala: Zoona amalume, ifenso mtima wathu unali pomwepo. Ndinakafunsa ku butchala Loweruka. Nyama ya mbuzi yokwanira anthu 45 ikudya pafupifupi ndalama yonse imene tinaika pa chakudya, mpunga ndi zakumwa tisanagule.

Anaphiri (Manchester): Maganizo anga ndi awa. Mbuzi igulidwe pang'ono, mphika umodzi wa akuluakulu, ulemu wa amalume usatayike. Nkhuku iphikidwe monga mwa nthawi zonse. Koma chodzaza tebulo chikhale timipira ta nyama ya nkhukundembo, tija Chikondi anatiphikira pa Khirisimasi, tothira uchi ndi tsabola. Mbale ija inatha ena asanafikeko.

Azakhali (Zomba): Nkhukundembo kukhala yotchipa? Kuno ndi nyama ya anthu a ndalama. Munthu akaweta ziwiri amazisunga mpaka Disembala.

Chikondi (Sheffield): Azakhali, kuno sitigula yathunthu. Amagulitsa yogaya kale, m'mapaketi a magalamu 500, ku Aldi, ku Lidl, ku Tesco, kulikonse. Kumene ine ndimagula imatsika mtengo kuposa ya ng'ombe yopanda mafuta, ndipo ukafika madzulo umapeza ina atamata kapepala kachikasu kotsitsa mtengo. Imeneyo ndimangofika nayo n'kuponya mufiriza tsiku lomwelo.

Alamu (Bradford): Pepani ndilowepo. Ine ndi ana tidzabwera, koma mukudziwa za ife. Ngati nyamayo ndi ya m'mashopu amenewo ife sitidzadya.

Anaphiri (Manchester): Alamu, sitingaphike chakudya choti ena azingoyang'ana. Nyama yonse ya tsikulo ikhale ya halaal, mbuzi, nkhuku ndi nkhukundembo yomwe. Mphika ukhale umodzi wa banja lonse.

Alamu (Bradford): Zikomo kwambiri alamu. Ndiye kugula nyama mundisiyire ine. Kuno ku Bradford mabutchala a halaal ndi ambiri, ndipo ndikaitanitsiratu amandigayira pomwepo. Chikondi ungondiuza makilo.

Chikondi (Sheffield): Chonde ankolo mukawauze kuti agaye ya ntchafu, osati ya chidale. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chidale cha nkhukundembo chilibe mafuta, m'mapaketi amalemba 2%, ndipo ukachiwotcha chimauma, munthu amatafuna mpaka kufuna madzi. Ya ntchafu imakhala ndi mafuta cha m'ma 7%, imafewa, imakoma, ndiponso kawirikawiri ndi imene imatchipa.

Chikondi (Sheffield): Makilo ndawerenga chonchi. Paketi ya magalamu 500, ukaphatikiza buledi ndi anyezi, imatulutsa timipira 22 kapena 24 ngati ukutapa ndi supuni yaikulu. Tikufuna tokwana 200 kuti aliyense apeze tinayi kapena tisanu. Ndiye makilo anayi ndi theka.

Amalume (Area 25): Buledi mu nyama? Kumeneko si kunyenga alendo?

Azakhali (Zomba): Ayi achimwene, ngakhale ife pophika nyama yogaya timatero. Buledi amasunga msuzi mkati.

Chikondi (Sheffield): Ndi momwemo azakhali. Nyama ikamapsa imakhwinyata n'kufinya madzi ake kunja. Buledi wonyikidwa mu mkaka amagwira madziwo, kampira kamatuluka kofewa. Kuchulukitsa nyama kumangobwera ngati phindu lapamwamba. Ndilembe muyeso wa paketi imodzi kuti aliyense akhale nawo:

magalamu 500 a nyama
masilaisi awiri a buledi wogona, onyikidwa mu masupuni aakulu anayi a mkaka
dzira limodzi
theka la anyezi, wopala pa gireta osati wodula
adyo tiwiri, jinja kachidutswa ngati chala chachikulu
mchere supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, ndi tsabola wakuda pang'ono

Mchere musapyole chifukwa soya sosi wa pamwamba ali ndi mchere wake. Posakaniza gwiritsani manja ndipo mungoti zagwirizana basi, mwasiya. Mukakanya kwambiri timalimba. Mukatha ikani mufiriji theka la ola, kenako muziumba manja atanyowa kuti zisamamatire.

Make Tadala (Leeds): Anyezi wopala bwanji? Ine ndimangodula tizidutswa.

Chikondi (Sheffield): Wodula amasiya mipata, kampira kamasweka potembenuza. Wopala amasungunukira mu nyama ndipo ana samuona n'komwe.

Anaphiri (Manchester): Ndiye pa makilo anayi ndi thekawo tikufuna mazira 9, lofu imodzi yaikulu, anyezi 5, mkaka wopitirira pang'ono theka la lita. Zimenezi ndigula ine.

Lachitatu m'mawa

Agogo (Dedza): Mwadzuka bwanji ana anga. Andiwerengera zonse. Ine ndinyamule chiyani? Ufa woyera ndakonola kale. Nyama ya mbuzi ndingathe kufutsa ndibwere nayo, musavutike kugula.

Anaphiri (Manchester): Tadzuka bwino amayi. Nyama ayi chonde, ngakhale yofutsa. Malamulo a kuno salola munthu wochokera ku Malawi kulowa ndi nyama kapena za mkaka m'chikwama. Akaipeza pa bwalo la ndege ku Manchester amalanda, ndipo mwina n'kukuchedwetsani muli otopa ndi ulendo wa ku Addis Ababa. Nsomba zouma amalola, ndiye usipa bwerani nawo. Uchi amalola mpaka makilo awiri pa munthu.

Chikondi (Sheffield): Agogo, uchi umenewo ndi umene ndikuufuna! Ndi Nali mabotolo awiri, wa Hot. Mukulunge m'mapepala apulasitiki ndi chitenje, muike m'chikwama chachikulu, osati cha m'manja.

Amalume (Area 25): Uchi ndi Nali ndigula ine. Pali mnzanga amabweretsa uchi wa ku Mzuzu weniweni, wosathira shuga. Ndipo ndalama ya mbuziyo ndikufuna ndiikepo dzanja. Mundiuze potumiza.

Bambo a Tadala: Amalume, ndalama musatumize. Chichokereni kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, zimene mungachotse m'thumba kumeneko ndi zambiri koma zikafika kuno zimasanduka zochepa. Uchi ndi Nali zikwanira, ndipo tidzanena pamaso pa anthu kuti zachokera kwa amalume.

Amalume (Area 25): Chabwino mwana wanga, ndamva. Ndiwonjezera mpunga wa Kilombero makilo asanu, amayi anu akaona kuti sikelo ikulola.

Azakhali (Zomba): Chikondi, tandiuza za uchi ndi tsabolazo. Ine nyama yotsekemera sindinaizolowere. Sizikhala ngati wathira shuga mu ndiwo?

Chikondi (Sheffield): Zikanakhala choncho uchi ukanakhala wokha, azakhali. Koma pamakhala zinayi zokokana: kutsekemera kwa uchi, kuwawa kwa tsabola, kuwawasa kwa viniga, ndi mchere wa soya sosi. Chimodzi chikasowa m'pamene zimafika pokola. Pa paketi imodzi ndimaika uchi masupuni aakulu atatu, soya sosi awiri, viniga imodzi, tomato wa m'chitini wolimba uja imodzi, Nali supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri, ndi madzi pang'ono. Ziwire pa moto wochepa mphindi zitatu kapena zinayi, mpaka zizimata kumbuyo kwa supuni. Pa mapaketi onse 9 uchi ukhala cha m'ma magalamu 600, soya sosi mamililita 270.

Chikondi (Sheffield): Uchi ukachepa, jamu wa maapurikoti kapena wa mango amalowa m'malo bwinobwino, theka uchi theka jamu. Inu kumeneko muli ndi kambuzi, mungosinja tiwiri m'malo mwa Nali, fungo lake limaposa.

Azakhali (Zomba): Ndiyesa ndi nkhuku Lamlungu lino. Ndilibe uvuni koma.

Chikondi (Sheffield): Pa mbaula zimatheka. Mafuta pang'ono m'chiwaya, moto wapakati, muzitembenuza mpaka tifiire mbali zonse, kenako vundikirani kuti tipse mkati. Msuzi wa uchiwo muthire kumapeto penipeni. Uchi supirira moto, ukauika poyamba umapserera n'kuyamba kuwawa nyama isanapse.

Anaphiri (Manchester): Ndiime kaye pa uchipo, ndipo Make Tadala mumve bwino. Tadala ali ndi miyezi 8. Mwana wosakwana chaka sapatsidwa uchi, ngakhale wophika, ngakhale kungomunyambititsa chala. Mu uchi mumatha kukhala tizilombo toyambitsa matenda a botulism, timene matumbo a khanda sangalimbane nato, ndipo kuwiritsa kwa pa chitofu sikutipha. Tsikulo mwana adzakhala akuyenda m'manja mwa aliyense, ndipo anthu amakonda kulawitsa. Tiuzane tonse.

Agogo (Dedza): Ife kale tinkawapatsa akamatsokomola. Sindinkadziwa. Ndamva mwana wanga, sindimupatsa.

Make Tadala (Leeds): Zikomo achemwali. Ndimuumbira take tiwiri topanda mchere, ndidzamuphwanyire ndekha.

Anaphiri (Manchester): Komanso amayi ali ndi shuga. Thireyi imodzi ikhale yopanda uchi, tidzaiike mu supu wa tomato ndi anyezi kuti adye ndi nsima. Ana aang'ono nawonso apatulidwe tawo, uchi ulipo koma Nali ayi.

Chikondi (Sheffield): Ndiye tigawe patatu. Towawa 120, tosawawa 50, ta supu 30. Msuzi ndiphika wopanda tsabola poyamba, ndipatule wa ana, kenako ndithire Nali mu wotsalawo.

Lachitatu usiku

Bambo a Tadala: Funso langa ndi la uvuni. Timipira 200 mu kauvuni ka kuholo sitingathe.

Chikondi (Sheffield): Tisawotchere kuholo. Tiwotche Loweruka kunyumba kwanu. Uvuni ukhale pa madigiri 200, kapena 180 ngati uli wa fani, mphindi 18 mpaka 20. Thireyi imodzi imanyamula 30 titatalikirana. Mathireyi awiri nthawi imodzi, maulendo anayi, tatha. Mafuta pang'ono okha opaka pa pepala, sitikazinga, ndiye mafuta ophikira sitigula ambiri.

Anaphiri (Manchester): Ndibwera ndi kachipangizo kanga koyezera kutentha kwa nyama. Nkhukundembo ndi nkhuku sizifuna kuyerekeza, pakati pa kampira pafike madigiri 75. Nyama yogaya ndiyo yofunika kusamala kwambiri chifukwa tizilombo timene tinali pamwamba timalowa mkati monse pogaya. Ndipo chonde nyama ya nkhuku ija musaitsuke pa sinki monga tinazolowera kwathu, madzi odontha amamwaza tizilombo pa mbale ndi pa masaladi. Moto ndi umene umapha.

Make Tadala (Leeds): Nanga tikawotcha Loweruka, Lamlungu sitidzauma?

Chikondi (Sheffield): Ayi. Tikatuluka mu uvuni tiyalidwe kuti tizizire msanga, tilowe mufiriji pasanathe maola awiri, tili topanda msuzi. Lamlungu m'mawa tidzatenthetsa m'miphika ikuluikulu pamodzi ndi msuzi wa uchi mpaka titenthe mkati, ndipo m'pamene timayamwa kukoma. Kuholo tidzangosunga totentha.

Alamu (Bradford): Ife tili ndi ma slow cooker awiri, miphika yamagetsi yosunga chakudya chili chotentha. Tibwera nawo.

Anaphiri (Manchester): Wanga wachitatu. Akhale oyaka mpaka anthu atatha kudya, chakudya chisatsike pansi pa madigiri 63. Totsala tidzagawana pomwepo, koma aliyense adziwe kuti tatenthetsedwa kale kamodzi, ndiye adye tsiku lomwelo, asakatenthetsenso Lolemba.

Azakhali (Zomba): Nsima aphika ndani? Musadzawapatse amayi anu mthiko atangotsika ndege.

Agogo (Dedza): Nsima ndiphika ndekha. Mdzukulu wanga alendo ake adye nsima ya manja anga.

Make Tadala (Leeds): Amayi mudzangoyang'anira, kuvundula tidzavundula ife. Mufika Lachinayi, mupume kaye masiku awiri.

Anaphiri (Manchester): Za ndalama tsopano. Nyumba za kuno zilipo zisanu, iliyonse iike £30 pofika Lachisanu la sabata ya mawa, mutumize kwa Bambo a Tadala. Chikondi ndi wa pasukulu, iye asaike kanthu, ntchito ya manja ake yakwana. Alamu akagula nyama atumize lisiti pano kuti tiwabwezere.

Chikondi (Sheffield): Zikomo anti. Ndikwera sitima ya Loweruka m'mawa, ndifika ku Leeds cha m'ma 9. Ndikufuna anthu awiri ondithandiza kuumba, ndi mbale yaikulu yosakaniziramo, beseni lija la pulasitiki likwana.

Alamu (Bradford): Atsikana anga awiri abwera kudzaumba. Nyama ndikaitenga Loweruka lomwelo ku m'mawa kuti isagone, ndifika nayo mu cooler box isanakwane 10. Ya ntchafu makilo anayi ndi theka, mbuzi makilo atatu, nkhuku zisanu zodula. Ndalemba bwino?

Bambo a Tadala: Mwalemba bwino alamu.

Amalume (Area 25): Uchi ndi Nali ndikapereka ku Dedza Loweruka lino. Chikondi, undijambulire mbaleyo isanayambe kudyedwa, ndione nkhukundembo yanuyo.

Make Tadala (Leeds): Achemwali, pogula mazira muwonjezere timitengo tobayira tija, mapaketi awiri, ndi pepala loyala pa thireyi. Kuno latha.