Za chithunzi cha m'bokosi la ambuya: ndapeza mutu wake

Zikomo nonse amene munandiyankha mwezi watha, nditafunsa za chithunzi chopenta cha mapiri ndi zigafa zafodya chomwe tinapeza m'bokosi la malemu ambuya. Funso linali lakuti kodi anachijambula ndi mzungu wapafamu amene agogo aamuna ankamuphikira?

Ndinatsata malangizo awiri. Ku National Archives ku Lusaka ndinataya m'mawa wonse kufunafuna "Chipata", osakumbukira kuti mapepala akale onse amati Fort Jameson. Nditakonza pamenepo, dzina la mzunguyo linatuluka pakati pa alimi afodya amene anagula malo ku North Charterland Exploration Company, kampani imene inatenga dziko lalikulu kuno, Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898. Anthu anawakankhira m'malo othina, iye yekha famu mpaka kuseri kwa phiri. Zinandiwawa ndithu.

Koma amene munati ndifunse akuluakulu ndinu munalasa. Agogo ena a kumudzi, omwe bambo awo ankasankha fodya pafamupo, anaseka nditawaonetsa. Akuti bwanayo ankangodziwa mfuti ndi kukalipa. Amene ankakhala pakhonde madzulo ndi tiburashi anali dona. Zilembo ziwiri za dzina zimene zili pakona pa chithunzicho zikugwirizana ndi onse awiri, koma ine mtima wanga uli kwa dona.

Mukamafufuza zotere, yambani mwafunsa dzina limene antchito anamupatsa mzunguyo. Kumudzi la m'mapepala salidziwa. Chithunzicho sindinachipukute ndi madzi, chifukwa penti yake imasungunuka. Chili m'envulopu, kutali ndi dzuwa ndi chiswe.