Ndigule kapena ndisiye? Pentax K1000 yomwe ndapeza ku Salima

Moni nonse m'gulu muno, makamaka akuluakulu amene munajambulapo ndi makamera a filimu.

Ndili ku Salima, ndipo kwa miyezi ingapo ndakhala ndikusakasaka kamera yakale yotsika mtengo. Ndazungulira m'mashopu a katundu wakale ku Kamuzu Road, ndafunsanso anyamata a kaunjika pamsika, koma zomwe ndimapeza ndi timakamera tapulasitiki tothyoka. Loweruka lapitali bambo wina amene ankajambula alendo ku Senga Bay kalelo anandibwereka Pentax K1000 yokhala ndi lenzi ya 50mm kuti ndiyese kaye.

Shata (kotsekula ndi kutseka kuwala pojambula) ikulira bwino, ndipo sizodabwitsa chifukwa kamera imeneyi siidalira batire pojambula. Batire la LR44 limangoyendetsa kasingano koyeza kuwala. Vuto lili pamenepo: ndaika batire latsopano, ndapala dzimbiri pomwe limakhala, ndachotsa chivindikiro cha lenzi n'kuloza padzuwa, koma kasinganoko kali zii. M'kati mwa lenzi mulinso timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. Ndikuganiza kuti ndi chuku, chinyontho cha kunyanja kunoku mukuchidziwa. Kasiponji kotchinga kuwala pachitseko nako kanasanduka phala.

Ndinapita nayo kwa wokonza mafoni, anangoitembenuzatembenuza n'kundibwezera.

Ndiye ndithandizeni: chuku choterechi chimachoka, kapena lenziyo yatha basi? Alipo amene amakonza makamera otere ku Lilongwe? Nanga filimu ya 35mm mumaigula kuti, ndipo mumatsukitsa kuti? Eni ake andipatsa mpaka Lachisanu.