Thiransifoma ya 100 kVA ikuotcha fyuzi madzulo aliwonse

Wa ma laini: Akuluakulu, thandizeni maganizo. Thiransifoma ya 100 kVA, 11 kV/400 V, ikuotcha fyuzi ya red (mmodzi mwa mawaya atatu amoto otchedwa ma phase: red, yellow ndi blue) cha m'ma 6 koloko madzulo. Clamp meter, choyezera ma ampere (A) oyenda m'waya, ikuonetsa red 170 A, yellow 95 A, blue 110 A. Kumapeto kwa laini voteji ikutsika mpaka 195 V. Tipemphe ya 200 kVA?

Wa planning: Musafulumire achimwene. Ya 100 kVA imanyamula 144 A pa phase iliyonse. Mukaphatikiza zitatuzo ndi 375 A, kugawa patatu ndi 125 A, ndiye mphamvu ikadalipo. Vuto ndi lakuti nyumba zatsopano zonse anazikoleka pa waya mmodzi. Chotsani 45 A pa red, 30 A ipite ku yellow, 15 A ku blue. Hotplate ya 1.5 kW imakoka pafupifupi 6.5 A, choncho nyumba 7 zophikira magetsi zikwanira. Yambirani za kumapeto, kumene voteji yagwa.

Wa protection: Muyezenso nyutilo, waya wachinayi wobwererako magetsi. Pa manambala amenewo ikunyamula pafupifupi 69 A. Joini yake ikakhala yolobodoka imatentha n'kuduka, ndipo nyumba zina zimalandira voteji yoyandikira 400 V. Mafiriji ndi ma TV a anthu amapsera pomwepo. Chonde musaike fyuzi yaikulu kapena waya wamba, mupsereza koyilo.

Wa ma laini: Nanga tikakweza tap, posinthira voteji pa thiransifoma?

Wa protection: Sitepe imodzi ndi 2.5% basi, ndipo mumasintha mutazimitsa thiransifoma ndi kuika ma earth, mawaya otayira magetsi pansi. Koma usiku anthu akagona, oyandikana nayo voteji iwakwerera. Yambani mwagawa katundu wa magetsiyo pa ma phase atatuwo, muyezenso masiku atatu pakati pa 5 ndi 9 koloko.

Wa control: Muyezenso mbali ya 11 kV nthawi yomweyo. Dzuwa likalowa, 60 MW ya sola ya ku Salima imachoka pamene anthu akuyatsa ma cooker, katundu n'kutsalira malo opangira magetsi a madzi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ngati voteji ikufika yotsika kale, nkhaniyo ndi ya ku substation. Laini ya 400 kV yochokera ku Matambo ku Mozambique kufika ku Phombeya ku Balaka ndi yothandiza pa kuchepa kwa magetsi m'dziko, koma fyuzi yanuyo siyiichiritsa.

Wa planning: Mukagawa n'kupeza kuti phase iliyonse ikupitirirabe 130 A, lembani pempho la thiransifoma yachiwiri pakati pa laini. Waya ukafupika voteji imabwerera, pamene ya 200 kVA pamalo omwewo isiya a kumapeto ali pa 195 V pomwepo.