"Timba sachepa ndi mazira ake": akuluakulu, mawuwa akutanthauzanji kwenikweni?

Ndili ndi funso kwa inu amene munakulira pafupi ndi agogo.

Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Zomba kuli kadimba ka chimanga, nkhwani ndi therere. Chigwereni mvula mu Disembala, udzu wa m'mphepete mwa mpanda watalika kufika m'chiuno. Loweruka ndinatenga chikwakwa kuti nditchetche, koma ndisanafike pakona kanatulukira kambalame kofiirira, kochepa ngati chala chachikulu, mchira uli njo m'mwamba. Kanatera pa phesi la chimanga n'kuyamba kundikalipira, osathawa. Nditasuzumira ndinaona kachisa kolukidwa ndi timaudzu tosalala, khomo lili m'mbali chakumtunda, m'kati muli timazira titatu tamawangamawanga. Mayi oyandikana nafe anati, "Ameneyo ndi timba, musiyeni." Chikwakwa ndinabweza m'nyumba.

Apo m'pamene ndinakumbukira mwambiwu. Malemu agogo anga anaunena tsiku limene mchemwali wanga anabereka mwana woyamba ali ndi zaka 19. Azakhali ankafuna kutenga khandalo likangosiya kuyamwa, ati mayi wake ndi mwana. Agogo anangoti, "Timba sachepa ndi mazira ake," nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinamva kuti munthu, kaya akhale wamng'ono kapena wosauka, za pakhomo pake amazitha yekha, monga timba amafungatira mazira ake onse ngakhale thupi lili lochepa.

Koma amalume anga amaumasulira mwina. Iwo amati nkhani ndi ya ulemu: bambo wonyozeka kumsika, akafika pakhomo pake ndi bambo basi, ana ake samuona kuchepa. Amaufanizira ndi uja wakuti "mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Ine sindikukhutira nazo kwenikweni, chifukwa mazira saona, sangalemekeze kholo. Mwambiwu ukadakhala wa ulemu, bwenzi ukunena za ana a timba.

Chinanso chandisokoneza. Ku Choma, m'dziko la Zambia, akatswiri akhala akufufuza kambalame kamtundu womwewu, kamene pa Chingerezi amati prinia. Anapeza kuti kakakazi kalikonse kamaikira mazira a maonekedwe akeake, ena oyera, ena obiriwira, ena ofiirira, madontho ndi timizere takenso tosiyana. Chifukwa chake n'chakuti pali mbalame ina, cuckoo finch, imene imazemba n'kuikira dzira m'chisa cha timba kuti amulerere mwana. Timba akazindikira dzira lachilendo amalitaya kunja. Ndiye ndikudzifunsa ngati mphamvu ya mwambiwu ili pa liwu lakuti "ake". Anyamata akale oweta mbuzi ankadziwa zisa zonse za m'dambo, mwina anaziona zimenezi kalekale.

Masiku ano ndimakhala pakhonde m'mawa kuyang'ana kambalame ka m'dimba mwanga kaja. Dzulo kanali ndi kambozi kobiriwira kukamwa, kakudumphadumpha m'masamba a nkhwani kasanalowe mu udzu, ndiye ndikuganiza kuti mazira aja aswa.

Tsono ndithandizeni. Kwanuko mwambiwu amaunena pa nkhani zotani, kwa ankhoswe, pa milandu kapena polera ana? Nanga amati "ndi mazira ake" kapena "pa mazira ake"? A ku Dedza, Kasungu, Chipata ndi ku Angonia, timba wanu ndi kambalame komweka ka mchira woimika, kapena dzinali kwanuko ndi la kambalame kena?