Za mlandu wa amalume uja: khoti lakana

Mwezi watha ndinafunsa ngati amalume angasumirenso mnansi wawo pa nkhani ya ng'ombe ziwiri, atagonja kale ku Local Court ku Katete. Ena munati ayese. Anayesadi, kuno ku Chipata, atangosintha mawu pang'ono pa chisamani.

A majisitireti sanalole n'komwe kuti mboni ziyankhule. Anatsegula fayilo yakale nati anthu ndi omwewo, ng'ombe ndi zomwezo, chigamulo chilipo kale, ndiye kubwera nawonso n'kuseweretsa khoti. Anawalamulanso kubweza ndalama zomwe mnzawoyo wawononga poyendera mlanduwu.

Njira inali apilo basi, pasanathe masiku 30 chigamulireni, koma nthawi imeneyo amalume anali kalikiliki ndi fodya kumunda. Dzulo agulitsa mbuzi ziwiri kuti alipire. Ine sakundiyankhula, ati ndine ndinawalimbitsa mtima.