Thandizeni: nyenyezi zikutuluka ngati mpunga, Ring Nebula ngati kadontho

Mphunzitsi wa ku Dedza:

Odi pagulu pano, akuluakulu. Ndikudziwa kuti ambiri muno mumajambula maukwati, mpira ndi mbalame, koma mwina alipo mmodzi kapena awiri amene anayesapo kuloza kamera kumwamba usiku.

Mlamu wanga wa ku Leeds ananditumizira katelesikopu kogwiritsidwapo kale ntchito. Galasi la kutsogolo ndi 72mm, focal length (mtunda wochokera pa galasi kufika pamene chithunzi chimapangika) 420mm, ndipo kanabwera ndi ka tracker kamene kamazungulira pang'onopang'ono kulondola nyenyezi. Kamera ndi yanga yakale, Canon 600D, imene ndimajambulira ana tsiku lotsekera sukulu. Mwezi ndinaujambula, unatuluka bwino mpaka maenje ake. Mtima unakula, ndiye ndinati ndiyese M57, Ring Nebula, kamtambo ka mpweya wowala kamene kali pakati pa nyenyezi za Sheliak ndi Sulafat, kufupi ndi Vega, chakumpoto.

Masiku atatu ndakhala panja pa kuzizira kwa Dedza kuyambira 8 koloko mpaka pakati pa usiku. Ndimatsegula kamera masekondi 60, ISO 3200. Nyenyezi zonse zikutuluka zazitali ngati mpunga wa kilombero. Nebulayo ndaipeza, koma ndi kadontho kobiriwira kamene ndimachita kukakulitsa kwambiri pa laputopu kuti ndione kuti pakati pali kabowo. Ikamakwana 10 koloko zithunzi zimayamba kuoneka ngati ndajambulira m'bafa. Dzulo ndinadzutsa mayi a kunyumba kuti adzaone, anangoti, "Mwandidzutsira chimenechi?" n'kubwerera kukagona.

Kodi vuto ndi telesikopuyi kuchepa, kamera kukalamba, kapena ndine? Ndisanayambe kusunga ndalama zogulira china chake, ndiuzeni.

Make Tadala:

Aphunzitsi, anthu oyandikana nawo sanayambe kukukayikirani? Munthu wamkulu kuima panja pakati pa usiku ndi chimpope choloza kumwamba kkkk. Kwathu ku Ntcheu m'mawa mwake mukanapezeka kwa amfumu.

Mphunzitsi wa ku Dedza:

Mayi, alonda a m'dera anafika kale usiku woyamba. Ndinawaonetsa mwezi, pano ndi anzanga.

Mnyamata wa ku Chilomoni:

Bwana, onani kaswichi kam'mbali mwa tracker. Kali ndi N, ya maiko a kumpoto kwa equator, ndi S, ya kumwera. Chinthu chochokera ku UK chimabwera chili pa N, ndipo kuno chimazungulira mobwerera.

Mphunzitsi wa ku Dedza:

Chimenecho chinandigwira usiku woyamba, achimwene. Nyenyezi zinali mizere yaitali ngati mvula ya mphepo. Ndinakonza, kali pa S. Zatsala ndi za mpungazi.

Agogo a Zithunzi:

Aphunzitsi, telesikopu yanuyo ilibe mlandu. Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ndinu a sukulu. Pikiselo imodzi ya 600D ndi ma micron 4.3. Pa 420mm, pikiselo iliyonse ikuona kachigawo ka thambo kokwana ma arcsecond 2 ndi pang'ono (digiri imodzi ili ndi ma arcsecond 3,600). M57 kutalika kwake ndi ma arcsecond 85 kapena cha pomwepo. Ndiye kuti nebula yonse ikutenga mapikiselo pafupifupi 40 pa chithunzi cha mapikiselo 5184 m'litali. Kadontho mukukaonako ndi komweko, simunalakwitse. Ngati mwaona kabowo pakati, mwachita bwino kale. Zithunzi zimene zinakukopani pa intaneti zinajambulidwa ndi matelesikopu a focal length ya mamita awiri kupita m'tsogolo, zina ndi Hubble imene ili kunja kwa dziko.

Chachiwiri, M57 ndi ya anthu a kumpoto. Kuchokera ku Dedza ikakwera kwambiri imafika madigiri 43 basi, ndiye kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka, fumbi ndi utsi. Mwasiya nkhwali pakhomo n'kukathamangitsa mpheta kutchire. Helix Nebula, NGC 7293, mu Aquarius, imadutsa pafupifupi pamutu penipeni pa nyumba yanu, madigiri oposa 80. Mlamu wanu ku Leeds amaiona itakwera madigiri 15 okha, ndipo anzake kumeneko amaisilira. Mkombero wake wowala ndi waukulu ngati theka la mwezi wathunthu, kutanthauza mapikiselo oposa 400 pa kamera yanu yomweyo.

Koma ndikuchenjezeni. Helix ndi yaikulu koma yozilala, chifukwa kuwala kwake kwamwazikana pamalo otambalala. Pa chithunzi chimodzi mwina simuona kanthu. Ndiye yambani ndi M27, Dumbbell, imene Charles Messier anaipeza mu 1764, yoyamba kupezeka mwa mtundu wonsewu wa planetary nebula, umene M57 ndi Helix alinso momwemo. Ndi yowala, imatenga mapikiselo oposa 200, ndipo kwanuko imafika madigiri 53 cha m'ma 10 koloko mwezi uno wa Ogasiti. Pezani kamuvi ka Sagitta mu Mlalang'amba, yambirani pa nyenyezi ya kunsonga, Gamma Sagittae, musunthe madigiri atatu kulowera kumpoto. Ikakutulukirani bwino, pitani kwa Helix.

Wa ku Kawale:

Pepani ndilowerere. Mukuti planetary nebula, ndiye kuti ndi pulaneti ngati Jupiter?

Mayi wa Physics:

Ayi achimwene, dzinalo ndi losokoneza. Akatswiri a m'zaka za m'ma 1780, makamaka William Herschel, ankaziona m'matelesikopu awo ngati timipira tobiriwira tofanana ndi mapulaneti, dzina n'kukhazikika. Kwenikweni ndi nyenyezi yonga dzuwa lathuli imene yakalamba, mafuta ake atha, ndipo yataya mpweya wake wakunja. Chatsala pakati ndi chima chake, chaching'ono koma chotentha koopsa, ndipo kuwala kwake kwa ultraviolet ndiko kumayatsa mpweya wotayidwawo. Sizikhalitsa, zaka masauzande makumi angapo basi kenako zimazimirira, pamene nyenyeziyo inakhala zaka mabiliyoni.

Kubiriwira kumene aphunzitsi akuona si vuto la kamera. Ndi okosijeni amene akuwala pa 500.7 nm. William Huggins ataona mzere umenewu mu Cat's Eye Nebula mu 1864, anthu anafika poganiza kuti ndi chinthu chatsopano chimene padziko pano palibe, mpaka anachitcha nebulium. Ira Bowen ndiye anasonyeza mu 1927 kuti ndi okosijeni wamba, kungoti ali pamalo pamene mpweya ndi wochepetsetsa. Ana anga a Fomu 4 nkhani imeneyi amaikonda kuposa silabasi.

Wa ku Kawale:

Ndiye kuti aphunzitsiwa akujambula maliro a nyenyezi. Zikomo mayi.

Mmisiri wa ku Mzuzu:

Onse akamba za chojambula, ine ndikambe za mpungawo, chifukwa ngakhale mupite kwa Helix udzakutsatirani. Tracker yanu sinaloze bwino pa south celestial pole, malo amene thambo lonse limaoneka ngati likuzungulirapo. Anzathu a kumpoto ali ndi Polaris, yowala. Ife tili ndi Sigma Octantis, ya magnitude 5.4, imene ngakhale kumudzi umachita kuifinyira maso. Kuwonjezera apo, ku Dedza pole ili madigiri 14 okha pamwamba pa nthaka, molingana ndi latitude yanu, m'mene mumakhala utsi ndi mitengo ya bulugamu. Ndikukhulupirira kuti simunaionepo.

Ine ndimachita chonchi. Masana, tsegulani Stellarium, pulogalamu yoonetsa mapu a thambo, muone nthawi imene dzuwa lili pa meridian kwanuko, mzere wa pathambo wochokera kumpoto kupita kumwera kudzera pamutu, imakhala isanakwane 12 koloko pang'ono. Mangirirani mwala ku chingwe ngati amisiri omanga nyumba, muchipachike, ndipo nthawiyo ikakwana ndendende jambulani mzere pansi potsatira mthunzi wa chingwecho. Mzere umenewo ndi kumpoto ndi kumwera kwenikweni. Kampasi ya pafoni imanama, makamaka pafupi ndi malata ndi zitsulo za tripod. Usiku imikani tracker motsatira mzerewo, muipendeke pa madigiri 14 ndi kachidutswa, tripod ikhale levulo. Kenako chitani drift alignment: lozani nyenyezi ya pafupi ndi meridian ndi celestial equator (mzere wa pathambo wolingana ndi equator ya dziko), muone ngati ikuthawira kumpoto kapena kumwera pa live view, mukonze kumanja kapena kumanzere. Mukatero lozani ina yotsika chakum'mawa, mukonze kukwera. Tsiku loyamba zidzakudyerani ola lathunthu. Mukapeza, ikani madontho a penti pamene miyendo ya tripod yaponda, mawa musadzayambirenso pachiyambi.

Ndipo ngakhale mulunjike bwanji, ka tracker kopanda guiding (kakamera kachiwiri kowongolera tracker ikaphonya) pa 420mm masekondi 60 ndi katundu wolemera. Magiya ake ali ndi kugwedera kwawo kobwerezabwereza. Tsikirani pa 30. Zina zikatulukabe zampunga, tayani, musazimvere chisoni.

Mphunzitsi wa ku Dedza:

Mwandigwira, bambo. Sigma Octantis sindinaionepo, ndimangoloza ndi kampasi ya foni nditaima pafupi ndi thanki ya madzi yachitsulo. Koma ndikatsika pa masekondi 30, si ndiye kuti nebula izilala kuposa pano?

Agogo a Zithunzi:

Pa chithunzi chimodzi, inde. Koma simukufuna chimodzi. Jambulani 200 kapena 240, mu RAW osati JPEG, ISO 1600, kenako muziphatikize mu Siril kapena DeepSkyStacker, onse ndi aulere. Kuwala kwa nebula kumakhala pamalo pomwepo pa chithunzi chilichonse, pamene timadontho ta noise timasinthasintha, ndiye pophatikiza timafafanizana. Lamulo lake ndi lowawa: kuti chithunzi chiyere kawiri, pamafunika zithunzi zochuluka kanayi. 240 za masekondi 30 ndi maola awiri, ndipo zidya malo pafupifupi 6GB, konzani memory card. Gulani intervalometer yotchipa, kachipangizo kojambulitsa zithunzi motsatizana pakokha, kuti musamagwire kamera. Pomaliza vindikirani telesikopu mujambule ma dark, zithunzi za mdima wokhawokha zochotsera noise ya kamera, okwana 30 pa masekondi ndi ISO yomweyo, kukadali kozizira chimodzimodzi. Ma flat, zithunzi zochotsera mdima wa m'makona ndi mithunzi ya fumbi, jambulani m'bandakucha mutakuta kutsogolo ndi malaya oyera, osakhudza fokasi, osazunguza kamera. Pakatha zithunzi 20 zilizonse sunthani telesikopu pang'ono kwambiri, apo ayi mudzaona mizere ya noise yopendekera pachithunzi chonse.

Mchemwali wa ku Randburg:

Zonsezi n'zabwino koma gulani dual-band filter, monga Optolong L-eNhance. Imalowetsa kuwala kwa okosijeni ndi kwa haidrojeni kokha, zina zonse imatsekereza. Ine kuno ku Joni popanda imeneyo thambo limatuluka lachikasu ngati sobo. Helix yanga ndinaijambula nayo pakhonde.

Mmisiri wa ku Mzuzu:

Achemwali, inuyo mukulimbana ndi magetsi a Johannesburg. Aphunzitsiwa ali ku Dedza, mamita oposa 1,500 pamwamba pa nyanja, ndipo magetsi akathima thambo lawo limada bii. Filter pa masekondi 30 iwachepetsera nyenyezi zoti pulogalamu igwirepo pophatikiza, ndipo fokasi iwavuta. Komanso 600D yosasinthidwa ili ndi galasi m'kati limene limadya gawo lalikulu la kuwala kofiira kwa haidrojeni pa 656 nm, ndiye theka la filter alipira pachabe. Ndalamazo agulire dew heater, kofunditsa galasi kuti mame asadikhe.

Mchemwali wa ku Randburg:

Za kamerayo ndavomera. Koma mwezi ukatuluka adzandikumbukira.

Make Tadala:

Nanga za m'bafa zija palibe wayankha.

Mnyamata wa ku Chilomoni:

Ndi mame amenewo. Galasi likayang'ana kumwamba limazizira kuposa mpweya, madzi n'kuyamba kudikha. Musapukute ndi nsalu, mukanda. Pali kalamba kofunditsa ka USB kokulunga kutsogolo kwa telesikopu, kamayendera power bank. Pamene mukukadikira, kulungani katoni kapena chidutswa cha mphasa ya siponji kutsogoloko kuti mpope utalike ndi chikhatho chimodzi, zimachedwetsa. Fokasinso muzionanso pakati pa usiku, chifukwa chitsulo chikazizira chimafupika. Dulani Bahtinov mask pa katoni, chivindikiro cha mipata chimene chimaonetsa nyenyezi ngati mizere itatu yopingasana, muchiike kutsogolo kwa telesikopu, muloze Vega kapena Fomalhaut, mzere wapakati ukhale pakati penipeni pa iwiri inayo.

Agogo a Zithunzi:

Chinanso, musazengereze. Pano Helix ikufika pamutu cha m'ma 1 koloko usiku. Kumapeto kwa Seputembala izidzafika cha m'ma 10, nthawi yabwino kwa munthu wopita ku ntchito m'mawa, koma pamenepo anthu adzakhala akutentha tchire ndi kusosa, thambo lidzachita mbuu. Sankhani Lachisanu kapena Loweruka lopanda mwezi. Yambirani pa Fomalhaut, Helix ili madigiri 10 kuchokera pamenepo, ngati chibakera chimodzi mutatambasula mkono, pafupi ndi kanyenyezi ka Upsilon Aquarii. Ndipo samalani, ikakhala pamutu penipeni kamera imatha kugunda mwendo wa tripod.

Wa ku Bulawayo:

Ndimangowerenga mwakachetechete. Kuwala kwa Helix kumayenda zaka pafupifupi 650 kuti kufike kuno. Kumene aphunzitsi akakole mu kamera kunanyamuka anthu akukhalabe m'malinga a Great Zimbabwe.

Mphunzitsi wa ku Dedza:

Ndabweranso, akuluakulu, patha masiku asanu ndi anayi. Mzere wa chingwe ndinajambula, ndipo unasiyana ndi wa foni kwambiri moti ndinachita manyazi. M27 ndinaijambula Lachitatu, zithunzi 120, ndinataya 31. Yatuluka ngati chitsononkho cha apulo wodyedwa mbali zonse, yobiriwira, m'mphepete mofiirira pang'ono. Nyenyezi zambiri tsopano ndi zozungulira, kupatula za m'makona zimene zikuoneka ngati tinthenga.

Helix ndinayesa Loweruka. Pa chithunzi chimodzi panalibe kanthu, ndinatsala pang'ono kulongedza. Batire inathera pa 143. Nditaphatikiza mu Siril n'kukoka kuwala, Helix inatulukira ngati diso lozilala, pakati pali kanyenyezi. Mayi a kunyumba ati likuoneka ngati diso la chambo. Koma chithunzi chonse chili ndi mkombero wowala pakati, m'makona mwada, ndipo pali timabwalo titatu takuda ngati mandasi. Ma flat sindinajambule, tulo tinandigonjetsa. Kodi ndingawajambule lero, popeza kamera ndinaichotsa kale pa telesikopu?

Mmisiri wa ku Mzuzu:

Tinthenga ta m'makona ndi chifukwa mulibe field flattener, galasi lowongola nyenyezi za m'mphepete mwa chithunzi, ingodulani m'mphepete, Helix ili pakati. Timandasito ndi fumbi la pa sensa. Ngati simunapukute, bwezerani kamera momwe inaliri, fokasi yomweyo, mujambule ma flat 25 mawa m'mawa. Mdima wa m'makona uchoka. Fumbilo mwina lasuntha, chifukwa 600D imagwedeza sensa nthawi iliyonse mukaiyatsa ndi kuithimitsa. Lowani mu menu muthimitse auto cleaning musanapitenso panja.